Nsomba Zisanu ndi Zipata Ziwiri

Anthu a kuno amandidziwa ndi mawu. Funsani aliyense amene anakokako khoka pagombe la Senga zaka zimenezo, akuuzani kuti kunali mkamwini wina wochokera ku Chitala amene akati akuwe, ngakhale mvuu zinkatembenuka. Ameneyo ndine. Sikudzitama ayi, ndikungonena zimene zinali. Khoka ndi ukonde waukulu wa zingwe ziwiri, gulu lina uku, lina uko, ndipo magulu awiriwo akapanda kukoka mofanana, nsomba zimapulumukira mbali yolobodokayo. Ntchito yanga inali kuima pakati pamchenga ndi kukuwa: “Akumpoto, limbani! Akummwera, mwagona kodi?” Bwato ndinalibe, ukonde ndinalibe, koma popanda mmero wanga khoka lija silikanafika kumtunda ndi kanthu.

Zilembo ndinazidziwa ndevu zitayamba kale imvi, ndipo ndimazilemba zikuluzikulu, monga mmene ndimayankhulira. Amene anandigwira dzanja kundiphunzitsa pensulo ndi mwana wanga, yemweyo amene ndikufuna kumunena pano.

Ndati mwana wanga. Chabwino, ndinam'bereka ndine, mphuno anatenga yanga, koma inu mukudziwa mmene zimakhalira. Mwamuna ukakwatira umamanga pa dothi la eni, ndipo ana amene ubereka ndi a mbumba ya mkazi. Mwini wawo ndi mlongo wa mkaziyo. Kwa ife mwiniyo anali alamu anga, amene mwanayo ankawatchula atsibweni, eni ake a khoka lomwe ndinkakuwira lija. Anali munthu wa mawu ochepa, woyankhulira pansi, moti ukamacheza nawo unkachita kuweramira kutsogolo ngati ukusuzumira m'chitsime. Ine ndi iwo tinkasiyana ngati bingu ndi mame. Koma sitinkadana. Ndinene zoona: mwanayo atakhoza bwino pa sukulu ya mishoni n'kupatsidwa malo ku sukulu yaikulu ya kummwera, yopita pa sitima, amene anavomera ndi iwowo, ndipo ndiwo ankam'lipirira. Ine ndinangolengeza. Ndinalengeza mpaka a kumsika ku Salima anatopa nane. Nanga ndikanaleka bwanji? Gombe lonseli, kuyambira kumene mchenga wayambira mpaka kumene wathera, panalibe nyumba ina imene mwana wake anafika kumeneko.

Anali mmodzi yekhayo amene anatikhalira. Ena onse tinawaika ali makanda.

Tchuthi china anabwera atatalika kundiposa. Unali mmawa, dzuwa litangoyamba kuluma, mayi ake akutembenuza usipa pa thandala loyanikira, alamu ali chapatali pang'ono akusoka ukonde. Ine ndinam'funsa mofuula, kuti a nyumba zoyandikana amve:

“Tatiuzani, aphunzitsi! Kumeneko mukudya nyemba za eni chaka chonse, mukuphunzira chiyani chimene ife sitikuchidziwa? Kuwerenga nsomba timatha kale.”

Iye anaseka. Anali ndi kaseko ka mayi ake, kobisa mano.

“Masiku ano sitikuwerenga nsomba, bambo. Tikuphunzira za zipata.”

“Zipata? Ndiye kuti atsibweni ako akulipirira ukalipentala?”

“Ayi. Pa Chizungu amati fankishoni, koma ine ndimangoti chipata. Nambala imalowa, n'kutulukira mbali inayo itasintha. Chipata chilichonse chili ndi khalidwe lake limodzi, ndipo sichisiya khalidwelo. Taimani apa ndikuonetseni.”

Anandiimika pambali pa thandala. Anati ine ndikhale chipata chowirikiza: nsomba zimene andipatse, ndiwonjezerepo zina zochuluka chimodzimodzi. “Pakuti inu bambo nkhani iliyonse mumaibweza itakula kawiri.” Mayi ake anaseka mpaka kugwira m'chiuno. Kenaka anatembenukira kwa iwo, nati akhale chipata chochotsa: chilichonse chimene alandire, achotsepo zinayi.

“Eya, imeneyo ndiye ntchito yawo!” ndinakuwa ine. “Chiyambire ukwati akhala akunditapa!”

“Ndikanapanda kutapa bwenzi mukudya mchenga,” anatero mayi ake.

Poyamba anatipatsa aliyense mulu wakewake, nsomba zisanu kwa ine, zisanu kwa mayi ake. Ine ndinatulutsa khumi, iwo anatulutsa imodzi, iye n'kuziponya zonse m'dengu, khumi ndi imodzi. Anati kumeneko ndiye kuphatikiza zipata: aliyense agwire zake, zotuluka zikumane m'dengu limodzi, ndipo zilibe kanthu kuti wayamba kuthiramo ndani. Ndinati zimenezo n'za ana, ndi mmene timakokera khoka, akumpoto ndi akummwera.

“Tsopano zovuta zake ndi izi,” anatero. “Mulu ukhale umodzi. Ulowe kwa wina, ndipo zimene zituluke kumeneko ndizo zilowe kwa winayo.”

Anawerenga zisanu nandipatsa. Ndinawirikiza, khumi. Ndinapatsira mayi ake, anachotsa zinayi. Zinatsala zisanu ndi imodzi. Anaziika padera.

Anawerenganso zisanu, koma ulendo uno anayambira kwa mayi ake. Anachotsa zinayi, kunatsala kamodzi, kopindika mchira. Anandipatsa. Ndinawirikiza. Tiwiri.

Ndinayang'ana mulu uja, ndinayang'ana tiwiri tija. Ndinati mayi ake abisa zina m'nsalu. Tinabwereza, ine maso ali pa manja awo ngati mphamba. Chimodzimodzi. Zipata zomwezo, nsomba zomwezo, anthu omwewo, koma kuno zisanu ndi imodzi, uko ziwiri.

“Ufiti uwu!”

“Si ufiti, bambo. Ndi poyambira basi. Chipata chachiwiri sichiona zimene zinalowa koyamba kuja. Chimangolandira zimene chinzake chachisiyira.”

Kenaka anatenga zitatu zokha. Zitayambira kwa ine zinakhala zisanu ndi imodzi, mayi ake atatapa zinatsala ziwiri. Koma atayambira nazo kwa mayi ake, iwo anangoima nazo m'manja.

“Iwe, ndichotse bwanji zinayi pa zitatu?”

“Simungathe, mayi. Kusukulu tili ndi manambala a pansi pa kupanda kanthu, koma nsomba zotero kulibe. Ndiye kuti apa njira yatsekeka. Bambo salandira kanthu, ngakhale atadikira mpaka mawa.”

Ine ndinali chiimire, manja ali chitambasulire, anthu n'kumandiseka. Alamu anali chikhalire pamalo pawo. Koma ndinaona kuti dzanja lawo laima pa ukonde, ndipo maso awo ali pa tinsomba titatu tija.

Masewera amenewo ndinawatenga kukhala anga. Ndinkawaonetsa pabawo, kumsika, ngakhale kwa anzathu achisilamu akamatuluka mumzikiti tsiku Lachisanu. Shehe wina anandibwerezetsa, akusisita ndevu, kenaka anati, “Mashaallah, mwanayu mum'samale.” Usipa ukasowa ndinkatola timiyala. Ndipo ndinkamaliza ndi mawu amodzimodzi: “Ameneyu ndi mwana wanga. Akamaliza, adzaphunzitsa Azungu amene.”

Kenaka kunabwera chaka cha njala ija. Amene munaiona simufuna kukumbutsidwa, amene simunaione simungamvetse. Mvula inagwa yonyenga, anthu anabzala, iyo n'kuleka. Chimanga chinapserera chili m'mawondo, mpunga wa kudambo sunatulutse ngala. Ife a kunyanja tinkati tili ndi nsomba, koma nsomba payokha sigoneka mwana. Abale anga a ku Chitala, amene ankabwera ndi madengu a ufa kudzasinthanitsa ndi usipa, anayamba kubwera ndi madengu opanda kanthu, ena osabwera n'komwe. Chinangwa tinazula chisanakhwime. Kenaka tinayamba kukumba zitsa za nthochi. Ngakhale khoka linayamba kulemera, chifukwa okoka analibe mphamvu. Ndinkakuwa, iwo n'kumangondiyang'ana, chingwe chili lendee m'manja.

Akazi anga anali ndi mng'ono wawo, mayi wa ana atatu ang'onoang'ono. Mwamuna wake ananyamuka mmawa wina kuti akukasuma chakudya kumapiri, ndipo ulendo wake unali womwewo. Anawo anatsalira alamu. Miyendo inayamba kuonda, mimba kutupa, tsitsi kufiira. Kakang'ono kwambiri, kamtsikana, kanaleka kulira, ndipo amene analerapo mwana akudziwa kuti kuleka kulira n'koopsa kuposa kulira.

Nthawi imeneyo olemba anthu a ku migodi ya ku Joni anali pa Salima. Munthu akalembedwa, abale ake ankaona kanthu kogulira chimanga. Koma ankaonanso zina. Ine ndinali nditawaona obwera kumeneko, ena alibe zala, ena akutsokomola osaleka, ena osabwera n'komwe, anasanduka matchona. Ngakhale zinali choncho ndinapita ndekha, osauza munthu. Ndinavula malaya, ndinatutumula chifuwa, ndinayankha mafunso awo ndi mawu amene anagwedeza malata. Anandiyang'ana m'kamwa ngati ng'ombe ya pamsika, n'kunena kuti ndakalamba. Ine! Alamu anali aakulu kundiposa, diso lina litachita ng'ala. Mwamuna wamphamvu m'mbumba monse anatsala mmodzi, mwana wanga, ndipo anali atangotsika sitima kudzapuma tchuthi, chaka chake chomaliza chili patsogolo.

Alamu anaitanitsa mbumba masana, pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Panali iwowo, akazi anga, mng'ono wawo uja ndi ana ake, ndi mwana wanga. Ine sanandiitane, pakuti nkhani ya mbumba saitanira mkamwini. Ndinapita ndithu, nditafumbata usipa m'manja.

Alamu anayankhula motsitsa monga mwa masiku onse. Anati mnyamatayo apite kaye ku Joni, azitumiza chogulira chakudya, njala ikatha abwerere akamalize sukulu.

“Sukulu sithawa,” anatero. “Ili ndi maziko.”

“Sithawa?” Ndinagwada pansi. “Alamu, ndikupempheni maso okha. Ichi chowirikiza ndi sukulu. Ichi chochotsa ndi mgodi, pakuti sindinaonepo munthu wobwera kumeneko ali wathunthu. Nsomba zisanuzi ndi mwanayu.”

Ndinachita zonse ndekha, dzanja lamanja sukulu, lamanzere mgodi. Sindinaphonye. Kuyambira kusukulu, zisanu ndi imodzi. Kuyambira kumgodi, ziwiri. Ndinaimirira. Ndikukhulupirira kuti mawu anga anamveka mpaka kuchilumba cha pakati pa nyanja.

“Mwaona? Si zofanana! Inu mukuti apite uku kenaka uko, ngati n'chimodzimodzi ndi uko kenaka uku. Mwanayu adzatuluka ali tiwiri!”

Mng'ono wa akazi anga anayankhula osandiyang'ana. “Mkamwini asamakule mwendo. Ana anga akufa, inu mukusewera ndi ndiwo.”

“Asiyeni,” anatero alamu. “Sananame.”

Anasendera pafupi. Anatola nsomba zanga, nasankhamo zitatu, zing'onozing'ono kwambiri, naziyala pansi. Sanaloze ana aja. Panalibe chifukwa cholozera.

“Masewerawa ndinawaona tsiku lija, alamu, ndipo sindinaiwale. Inu mwati chochotsa ndi mgodi. Ine ndikuti chochotsa chafika kale, chili pakhomo, dzina lake njala. Sichinatifunse kuti tiyambire kuti. Tsono tengani titatuti mutilowetse kumeneko. Chotsani zinayi.”

Ndinayang'ana titatu tija.

“Chotsani, alamu. Kenaka mundiuze chimene sukulu idzawirikize.”

Ine, munthu amene ndinkatembenuza mvuu, ndinatsegula pakamwa osatulukamo kanthu. Kamtsikana kaja kanakwawa, kanatola kansomba kamodzi pa titatu tija n'kuyamba kumung'unya, ndi mchenga womwe. Palibe anakaletsa.

Ndinatembenukira kwa akazi anga. “Amake mwana, nenaniko kanthu! Mwana ndi wanu uyu!” Iwo anayang'ana mlongo wawo, anayang'ana mng'ono wawo, n'kudziphimba kumaso ndi nsalu.

Amene anamaliza nkhani ndi mwana wanga mwiniwake.

“Ndipita, atsibweni.” Kenaka kwa ine, motsitsa: “Bambo, mwawerenga bwino. Simunaphonye ngakhale pamodzi. Koma amenewa ndi ang'ono anga.”

Ndinam'perekeza ndekha ku sitima. Mayi ake analekera pamene mchenga umathera. Njira yonse ndinkam'langiza mofuula: asamaime pafumbi, asamamwe mowa wa kumeneko, asakaone mkazi n'kuiwala kwawo, akatha pangano akwere sitima tsiku lomwelo. Iye ankangoti, “Inde, bambo.” Penapake anaima, nandiyang'ana.

“Bambo, kumgodi fumbi silifunsa pamene waima.”

“Ndiye uzitseka pakamwa!”

“Zimenezo sindinatengere kwa inu,” anatero, ndipo tinaseka tonse awiri, anjala okhaokha, pakati pa msewu.

Bokosi lake lathabwa la kusukulu anali atalisiya m'nyumba, anati lim'dikire. Sitima imene anakwera ndi yomweyo imene inkam'tengera kusukulu, kungoti ulendo uno anakhala pakati pa amuna onyamula timitolo, osayankhulana. Itanyamuka ndinakuwa dzina lake. Anadzandiuza pambuyo pake kuti anandimva sitima itakhota kale.

Ndinene chilungamo, pakuti ine sindine munthu wobisa mbali imene sindiikonda. Zimene ankatumiza zinkafika. Alamu ankapita nazo kumene chimanga chinkapezeka, n'kubwera ndi thumba pamutu, munthu wamkulu wa diso limodzi. Ana atatu aja anachira onse. Tsitsi linada, kamtsikana kaja kanayambanso kulira, kulira kwake kotseka makutu, ndipo tonse tinkakondwa nako. M'midzi yoyandikana anthu ankanyamula timaliro tokulunga m'mphasa. Ife sitinanyamule. Chimanga chimenecho nanenso ndinadya, sindikukana. Alamu sanandiuzepo kuti “mwaona”. Anali munthu wotero.

Njala inatha, mvula inabwera, koma iye sanabwere. Pangano la kumgodi si khomo lotulukira pamene wafunira. Litatha loyamba analowanso lachiwiri, atamva kuti khoka la atsibweni ake linawola nthawi ya njala ndipo mbumba ilibe chogwira. Palibe anam'tuma, anaganiza yekha. Ine ndinakuwa, koma ku Joni n'kutali, ngakhale kwa ine. Bokosi lija mayi ake ankalitulutsa padzuwa kuti chiswe chisalidye, n'kulibwezera pamalo pake.

Mwana wanga anabwera nyengo ya mphepo ya mwera. Anafika atavala chijasi chachikulu ndi chipewa, ali ndi ndevu za pamlomo, atanyamula bulangeti la mayi ake ndi nsapato zanga, nsapato zoyamba m'moyo wanga. Anthu anati wanenepa, koma chinali chijasi. Atachivula, mayi ake anatuluka panja. Ndipo panali chifuwa chija, chouma, chochokera pansi, ngati wina akusema bwato m'kati mwake.

Sanakhalitse. Anapukuta bokosi lija, anameta ndevu, anavala kabudula wake wa sukulu, amene m'malo mom'thina anali atam'kulira. Ine ndinavala nsapato zija n'kulengezanso pagombe ponse: “Mwana wanga akubwerera kukamaliza!” Mawu anali omwe aja, koma anthu ankandiyankha akuyang'ana pansi.

Sabata isanathe ndinam'peza atakhala pa bokosi lake pambali pa thandala. Sindinamuone akufika.

“Atani?”

“Andilandira bwino, bambo. Andipatsa tiyi.”

“Ine sindikufunsa za tiyi!”

“Malo anga anapatsa wina kalekale. Anzanga anamaliza, ena ndi aphunzitsi. Akuti ndapitirira msinkhu. Ndiye nditatsokomola, mkulu wa sukuluyo anasuntha mpando wake. Akuti ana amagona ambiri m'chipinda chimodzi, sangaike munthu wa chifuwa pakati pawo.” Anapuma kaye. “Sanalakwe. Ngakhale ine sindikanadzilandira.”

Ndinafuna kukwera sitima tsiku lomwelo, ndikawaonetse kuti kunyanja kuli anthu. Ndinatukwana, ndinaponda pansi, agalu anathawa. Iye anandigwira mwendo.

“Khalani pansi, bambo. Sukulu sinathawe, atsibweni sananame. Ili pomwepo, ndaiona, ndi maziko ake. Kungoti imalandira zimene chinzake chaisiyira.”

Tinayesa zonse. Tinapita kuchipatala cha mishoni, tinapita kwa asing'anga a kwathu ku Chitala, Shehe uja anabwera kudzam'pempherera dua ngakhale sitinali a mzikiti wake. Alamu anagulitsa bwato. Iye ankakonda kugona pamphasa mmawa, pambali pa thandala, akuti dzuwa limam'masula chifuwa. Nthawi imeneyo ndi imene anandiphunzitsa zilembo, poyamba ndi chala pamchenga, kenaka ndi pensulo. Ndinkathyola mapensulo chifukwa chokanikiza. Iye ankati, “Pang'onopang'ono, bambo, pepala si gonthi.” Ankatinso munthu wa mawu ngati ine ayenera kukhala ndi powaika mmero ukadzatha.

Mmawa wina ndinatapa usipa kuti ndim'sangalatse.

“Aphunzitsi, tatiphunzitsani china. Zipata zija tatopa nazo.”

Anadzuka n'kutsamira chigongono. Anati chatsala chimodzi chimene anali atangoyamba kuphunzira asanachoke: chipata chobweza. Chowirikiza chili ndi chinzake chogawa pakati. Chochotsa zinayi chili ndi chinzake chobwezera zinayi. Anayala tinsomba tiwiri pamphasa, tomwe tija timatsala ukayambira kwa mayi ake n'kumalizira kwa ine, nati tibwerere nato. Koma pobwerera umayambira chipata chimene unamalizira, monga munthu wotuluka m'nyumba ya zitseko ziwiri. Ndiye ndinayamba ndine. Ndinagawa pakati, kanatsala kamodzi. Anaitana mayi ake, iwo anabwezera zinayi. Zisanu! Zonse zisanu zinali pamphasa, ngati sizinapite kulikonse.

Ndinakuwa ndi chimwemwe mpaka nkhuku zinabalalika. Kenaka ndinafunsa, ndipo ndinafunsa motsitsa, mwina koyamba chibadwire:

“Nanga chija cha kumgodi? Chobweza chake n'chiti?”

Anaseka kaseko kaja kobisa mano, kenaka chifuwa chinam'gwira nthawi yaitali. Mayi ake anam'pukuta pakamwa n'kubisa kansaluko msanga, koma ndinali nditaona kale.

“Si chipata chilichonse chili ndi chobweza, bambo. Zimenezonso anatiphunzitsa.”

Anamwalira mvula zoyamba zisanagwe.

Maliro anali a alamu, monga mwa mwambo. Ndiwo anatumiza uthenga, ndiwo analoza pokumba. Ine ndinakhala kumene amakhala akamwini. Koma itakwana nthawi yonyamuka kupita kumanda, anthu ali piringupiringu, akazi akulira, alamu anayesa kuyankhula, mawu awo osamveka. Anayesanso, osamveka. Ndiye anabwera kwa ine, anagwada, munthu wamkulu, mwini mbumba.

“Alamu, auzeni anthu kuti tinyamule mwana wanu.”

Anati wanu. Ndinaimirira ndipo ndinawauza. Amene analipo amati mawu otero sanawamvepo pagombe lino, ndipo ine ndikuvomereza.

Ana atatu aja anakula. Kamtsikana kodya nsomba yamchenga kaja lero ndi mayi wa ana ake, ndipo ndi iyeyo amene amandiphikira. Za pansi pa mango sakumbukira, nanenso sindinamuuzepo. Ndikamuona akuseka ndi ana akewo, sindidziwa kuti ndiwerenge bwanji. Masamu amenewo mwana wanga sanandisiyire.

Masewera aja sindinawaonetsenso pabawo. Anthu ankandipempha, “Akulu, tationetsani za mwana wanu zija,” ine n'kuwauza kuti usipa ndi wodya. Akazi anga sanawatchulenso. Koma ndinkawaona mmawa akapita pa thandala kukatola toti andiwotchere pamakala. Akatola n'kupeza kuti m'manja muli zinayi, ankabwezapo imodzi, kapena kuwonjezera ina. Anachita zimenezo mpaka tsiku limene dzanja lawo linaleka kufika pa thandala.